Wotsogola Njira Ndiye Anyowa ndi Mame

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za mwana amene ali woyamba pa mtundu wake wonse kupita ku koleji. Tonse timachidziŵa chimwemwe cha tsiku limene maina a osankhidwa atuluka. Amayi amaimba nthungululu, abambo amalamula kuti tambala agwidwe, ndipo a pamudzi amabwera kudzagwira chanza mwanayo. Koma nthungululu zikatha, alendo nabalalika, pakhomo pamatsala funso limene palibe angathe kuliyankha: kodi kumene akupitako kuli zotani, nanga timkonzere chiyani? Bambo sanafikeko, mayi sanafikeko, ndipo amalume amangomva mbiri chabe. Munthu woyamba kudutsa m'kanjira ka kumunda m'mamaŵa ndiye amanyowa ndi mame, obwera pambuyo nayenda pouma. Mwana wathuyu ndiye wotsogolayo. Mamewo sitingamchotsere onse, koma sikoyenera kuti ayende yekha.

Mabanja otere alipo ambiri zedi, ndipo chifukwa chake nchodziŵika. Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Kwa zaka zoposa 30 inali yunivesite ya boma yokhayo m'dziko muno, kufikira pamene ya Mzuzu inatsegula zitseko zake mu 1999. Tsono mu 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo ana a alimi ndi a ogwira maganyu analoŵa m'kalasi mwaunyinji. Pambuyo pake panabwera LUANAR ya ku Bunda ndi MUST ya ku Thyolo, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malaŵi inagaŵidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino anakhala KUHeS. Masinodi athu nawonso ali ndi mayunivesite awo, monga ya Livingstonia imene inayamba mu 2003, ya Nkhoma ndi ya Sinodi ya Blantyre. Makomo achuluka, ndipo ambiri oloŵa pa makomoŵa akuchokera m'nyumba zimene simunaloŵepo digiri.

Tikudziŵa mnyamata wina, mwana wa mlimi wa mtedza, amene anakhoza bwino mayeso a MSCE pa sukulu yoyendera ya kumudzi, nasankhidwa kupita ku koleji ina. Anapeza mwayi wa ngongole ya maphunziro. Ndalama ya zofunika pa moyo wake itafika, kumudzi kunali kutatsala pang'ono kudzala, feteleza kunalibe, ndipo mlongo wake anali atabwezedwa ku sekondale kaamba ka fizi. Mnyamatayo anatumiza gawo lalikulu kwa makolo ake, iwo nalandira ndi manja aŵiri, poganiza kuti ku koleji boma limadyetsa. Kuyambira pamenepo ankadya kamodzi pa tsiku, nasamukira ku chipinda chotchipa chakutali kumene kunalibe magetsi oŵerengera usiku. Analephera maphunziro angapo, koma sanauze munthu. Makolo akamuimbira foni kumfunsa ngati zikuyenda, iye ankangoti zonse zili bwino. Chaka chitatha anachotsedwa. Anakhala m'tauni miyezi ingapo akugwira maganyu, kumudzi akudziŵa kuti ali m'chaka chachiŵiri, kufikira mkulu wina wa kwawo atakumana naye pamsika. Pa nkhani imeneyi palibe amene anali woipa mtima. Makolo sanadziŵe, mwana anachita manyazi, ndipo panalibe munthu wachitatu wodziŵa za ku koleji woti aimirire pakati pawo.

Ndalama ya ngongole si malipiro

Choyamba chimene ife makolo tiyenera kumvetsa ndi chakuti nyengo ya "mwana wa boma" inatha. Kale wosankhidwa kupita ku yunivesite ankapatsidwa pogona, chakudya katatu pa tsiku, ndiponso kandalama ka m'thumba. Akuluakulu ambiri m'midzimu akukumbukirabe zimenezo, koma lero sizili choncho. Wophunzira amalipira fizi, amadzigulira chakudya, ndipo popeza malo ogona a pa koleji sakwanira onse, ambiri amachita lendi m'malo oyandikana, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu. Pamwamba pa izi pali makala, sopo, kusindikiza mapepala a ntchito ya m'kalasi, ndi bandulo ya intaneti, popeza aphunzitsi ambiri amatumiza zoŵerenga ndi mauthenga pa foni.

Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osoŵa. Nkofunika kudziŵa zinthu zitatu za ngongole imeneyi. Siimabwera yokha ai: wophunzira ayenera kupempha m'nthaŵi yake, ali ndi chiphaso cha unzika, nalemba zoona zokhazokha za banja lake, ndipo si onse opempha amene amalandira. Chachiŵiri, nthaŵi zina imafika sukulu itatsegulidwa kale, kotero mwezi woyamba uyenera kuchokera pakhomo. Chachitatu, imeneyi ndi ngongole ndithu, ndipo mwanayo adzaibweza akadzatsiriza, kuti ang'ono ake a m'dziko muno adzakongolenso. Tsono kholo lopempha feteleza pa ndalama imeneyi likudya mbeu. Tikudziŵa kuti umphaŵi umaŵaŵa, ndipo sitikunyoza wina aliyense, koma mwana wanjala samva za m'kalasi, ndipo akachotsedwa banja limataya digiri, ngongole nitsala pamutu pake.

Mwana asananyamuke, khalani naye pansi pamodzi ndi munthu wina amene anaphunzirako chaposachedwa, ndipo mulembe papepala zofunika za mwezi umodzi ndi mitengo yake. Pamenepa mayi asadzichepetse ponena kuti sanapite kusukulu. Mayi amene amadziŵa kusamala nkhokwe kuti chimanga chifike mwezi wa February ali nayo nzeru yonse imene mwanayo akaisoŵe kumeneko. Amphunzitse kugaŵa ufa, kuphika nyemba zoti zifike maŵa, ndi kukana kugula chinthu chifukwa choti anzake agula. Ufa, nyemba, mtedza, usipa, mbaula ndi mapoto aŵiri zochokera pakhomo zimapulumutsa ndalama zambiri. Ndipo potumiza thandizo pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuli bwino kutumiza pang'ono pa tsiku lodziŵika mwezi ndi mwezi kusiyana ndi kulonjeza zambiri zosadziŵika tsiku lake, pakuti wodziŵa tsiku amatha kugaŵa zimene ali nazo.

Tichenjerenso ndi akathyali. Malo a ku yunivesite za boma sagulidwa. Amasankhidwa kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, molingana ndi m'mene mwana wakhozera. Wina akakuimbirani foni kuti mutumize ndalama kuti akupezereni malo kapena chipinda, musafulumire. Fizi ilipiridwe ku akaunti ya koleji yolembedwa m'kalata yochokera ku kolejiyo, ndipo chipinda chilipiridwe chitaonedwa ndi maso.

Za ana aakazi tinenepo mosabisa mau. Pafupi ndi koleji iliyonse pamazungulira azibambo a magalimoto amene amadziŵa bwino lomwe sabata imene ufa umatha m'zipinda. Timalangiza asungwana athu za khalidwe, ndipo nkoyenera, koma malangizo opanda chakudya amalemera kuŵasenza. Amalume ndi azakhali amene anavina tsiku la maina aja asonyeze chikondi chawo pa mwezi wachitatu, pamene thumba la ufa lafika pansi. Anyamata nawo ali ndi misampha yawo: moŵa, chamba, ndi njuga za mpira za pa foni, zimene zimalonjeza kuchulukitsa ndalama ya lendi koma zimaimeza yonse.

Maphunziro a kumeneko ndi ena

Tsopano tilankhule ndi inu achinyamata. Ku sekondale belu linkakudzutsani, mphunzitsi ankalemba zonse pa bolodi, ndipo mukajomba ankakufunsani. Ku koleji mphunzitsi amaloŵa m'chipinda chodzaza ndi anthu, nalankhula kwa ola limodzi kapena aŵiri, natchula mabuku oti mukaŵerenge, nkutuluka. Mwina sadzadziŵa ndi dzina lanu lomwe. Mukagona tsiku lonse palibe adzagogoda pachitseko. Ufulu umenewu umakoma ngati nkhuyu zakupsa, koma tikudziŵa zimene zimapezeka m'kati mwa nkhuyu.

Chaka chimagaŵidwa m'zigawo ziŵiri zotchedwa masemesita, ndipo semesita imatha msanga ngati madzi a m'chigwa. Ntchito zimene mumapatsidwa m'kati mwa semesita ndi timayeso tating'onoting'ono zimaŵerengedwa pamodzi ndi mayeso otsiriza, kotero munthu sangadikire sabata yomaliza monga ena ankachitira ku Fomu 4. Wolephera pang'ono amapatsidwa mwayi wolembanso kapena kubwereza phunzirolo, koma wolephera kwambiri amachotsedwa. Malamulo ake amasiyana koleji ndi koleji, ndipo amalembedwa m'buku la malamulo a ophunzira. Liŵerengeni bukulo sabata yoyamba, musanalifune. Musajombenso masiku oyamba aja amene alendo amaonetsedwa laibulale, chipatala ndi maofesi, pakuti anzanu a makolo ophunzira anamva kale zimenezo pakhomo pawo, koma inu mudzazimvera pomwepo. Dziŵaninso kuti kukopera ntchito ya mnzanu kapena ya pa intaneti nkuipereka ngati yanu ndi mlandu waukulu kumeneko.

Mwina kwanu munali woyamba m'kalasi kuyambira Sitandade 1. Kumene mukupitako aliyense anali woyamba kwawo. Mudzakumana ndi anzanu olankhula Chingerezi ngati anabadwa nacho, okhala ndi kompyuta yawoyawo, ndipo mtima udzakunong'onezani kuti munasankhidwa molakwitsa, kuti malo ano si anu. Limenelo ndi bodza. Mayeso a MANEB amene munalemba anali amodzimodzi, ndipo inu munakhoza muli ndi mabuku ochepa, mukuŵerengera koloboyi kapena tochi. Chimene mukusoŵa ndi chizoloŵezi, osati nzeru, ndipo chizoloŵezi chimabwera ndi kufunsa. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Imikani dzanja ngakhale Chingerezi chanu chikupunthwa. Pezani anzanu atatu kapena anayi okonda kuŵerenga, muzikumana nthaŵi yodziŵika. Mukalephera kayeso koyamba, pitani ku ofesi ya mphunzitsiyo mukafunse pamene munalakwa, pakuti imeneyo ndi mbali ya ntchito yake. Zikavuta pa za chakudya, pogona, matenda kapena maganizo, kuli ofesi ya Dean of Students, imene inaikidwa kaamba ka zomwezo. Kupita kumeneko si kupemphetsa ai.

Pakati pa kutuluka kwa zotsatira za mayeso ndi kutsegulira kwa koleji pamakhala miyezi yambiri. Musaithere pa bawo. Pemphani mphunzitsi kapena wachibale amene ali ndi kompyuta kuti akuphunzitseni kutaipa, kusunga zimene mwalemba ndi kutumiza imelo. Ŵerengani nyuzipepala za Chingerezi mokweza, mumvetsere nkhani za Chingerezi pa wailesi, nimuyese kulemba mwachidule zimene mwamva. Ganyu kapena kadimba ka m'miyezi imeneyi kangakugulireni foni yotha kulandira zoŵerenga.

Mau amene mwana anyamule

Tibwerere kwa inu makolo. Potsanzikana timakonda kunena kuti, "Mtundu wonse ukuyang'ana iwe." Timanena mwachikondi, koma mau ameneŵa ndi mtolo wolemera pamutu pa mwana wa zaka 18 kapena 19. Ndiwo amene amamtseka pakamwa zikavuta, pakuti angauze bwanji mtundu wonse kuti walephera masamu? Akulu anati wobisa matenda maliro amamuulula. Tsono pamodzi ndi malangizo ena onse, muuzeni momveka kuti, "Mwana wanga, zikakakuvuta utiuze msanga. Ukhoze kapena ulephere, pano mpakwanu." Mwana amene wanyamula mau otere salimbikira mochepa ai, koma amalimbikira wopanda mantha.

Poimba foni musafunse chabe kuti zikuyenda, pakuti yankho la funso limenelo nlodziŵika kale. Funsani kuti wadya chiyani lero, akugona ndi yani m'chipinda, mnzake wapamtima ndani, ndi phunziro liti limene likumuumitsa mutu. Ngakhale simukudziŵa phunzirolo, mau a mwana wanu mumaŵadziŵa, ndipo mudzamva ngati akubisa kanthu. Pemphani kuona zotsatira za semesita iliyonse, osati ngati wapolisi koma ngati mlimi woyendera munda wake. Mukaona kuti wasiya kuimba, akudzipatula, kapena akulankhula ngati wotopa ndi moyo, musati nchibwana. Tumani munthu akamuone, kapena mupite nokha.

Mumtetezenso ku zoitana za kumudzi. Si mlandu uliwonse wa malire a munda umene ayenera kuumva ali pakati pa mayeso, ndipo si mwambo uliwonse umene ayenera kukwerera basi. Akuluakulu a banja agwirizane kuti ndi ziti zofunikadi kuti abwere. Ndipo ngati anasankhidwa ku maphunziro amene inu simunkaŵayembekeza, musamgwetse mphwayi. Sionse adzakhala madokotala kapena maloya. Dziko likufuna aphunzitsi, alangizi a ulimi, anamwino, akatswiri a madzi ndi a za nkhalango. Maphunziro ambiri a digiri amatenga zaka zinayi, ena monga a udokotala ndi uinjiniya zisanu kapena kuposerapo, kotero banja likonzekere ulendo wautali, lisayembekeze kukolola chaka chamaŵa.

Akabwera pa tchuthi mudzaona kuti wasintha. Adzafunsa mafunso amene kale sankafunsa, ndipo mau a Chingerezi adzamgwa m'kamwa osadziŵa. Musafulumire kunena kuti wayamba kunyada. Munamtuma kuti akasinthe, ndipo mwana wotere kaŵirikaŵiri amadzimva mlendo mbali zonse ziŵiri: ku koleji ndi wakumudzi, kumudzi ndi wa ku koleji. Mlandireni, mumpatse mpata afotokoze zimene akuphunzira. Nanunso achinyamata, kumbukirani kuti manja okhakhala aja ndiwo anakulipirirani fizi ya Fomu 1. Khasu silichotsa digiri, ndipo kugwada popereka madzi kwa agogo sikufafaniza chimene mwaphunzira. Anzanu akadzaona mayi anu atabwera ndi thumba la ufa pamutu, atavala chitenje chawo, muŵalandire poyera ndi kunena kuti aŵa ndi mayi anga.

Munthu wachitatu uja

Tanena kuti pa nkhani ya mnyamata uja panasoŵa munthu wachitatu. Munthu ameneyo ali pakati pathu. Pafupifupi mumpingo uliwonse muli mphunzitsi wa sekondale, namwino, mlangizi wa ulimi kapena wophunzira wa chaka chachitatu amene anadutsa kale m'njira imeneyi. Zimene iye amaziona ngati zazing'ono, monga kadzazidwe ka fomu ya ngongole, kapezedwe ka chipinda chabwino, ndi zochita munthu akalephera phunziro, ndizo zimene banja linalo likusoŵa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikupempha kuti maina akatuluka, mlembi wa mpingo alembe ana onse osankhidwa, a ku yunivesite, a ku makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi a ntchito zamanja omwe, ndipo aliyense apatsidwe munthu mmodzi wokhala ngati mkulu wake, womuimbira foni kamodzi pa mwezi ndi womasulira makolo zimene sakuzimvetsa. Kwa asungwana asankhidwe amayi.

Mwana asanyamuke wopanda kalata yomdziŵitsa ku mpingo wa kumene akupita, ndipo auzidwe za magulu a ophunzira monga CCAPSO ndi SCOM, kumene angapeze anzake ndi akulu omtsogolera kuyambira sabata yoyamba. Inu a mipingo ya ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Thyolo, ana aŵa amakhala kumbuyo m'tchalitchi mwanu, natuluka msanga chifukwa sadziŵa munthu. Kuitana mmodzi kapena aŵiri kudzadya nsima Lamulungu masana sikungagwetse banja, koma kwa mwana amene wakhala mwezi wathunthu osamva wina akumtchula dzina mwachikondi ndi chinthu chachikulu. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, amene amadziŵa kusonkha ufa pa maliro ndi pa ukwati, angathenso kusonkha mbale imodziimodzi ya ophunzira pamene semesita ikuyamba. Ndipo kumene kuli kotheka kukhazikitsa thumba lothandiza pa fizi, likhale ndi mabuku oonekera kwa onse, kuti lisasanduke gwero la mikangano.

Mnyamata uja sanathere pamsika. Mkulu amene anampeza anamperekeza kwa makolo ake, nayamba ndiye kulankhula, kuti mwanayo asasenze yekha manyazi. Panali misozi, koma panalibe kumthamangitsa. Patapita nthaŵi analoŵa koleji ya uphunzitsi, natsiriza bwino. Mlongo wake atasankhidwa, anapita akudziŵa kale za lendi, za ngongole ndi za ofesi yoyenera kugogoda, pakuti mchimwene wake anali atamgwetsera mame. Koma banja limenelo linalipira mtengo waukulu pa nzeru imene mnansi akanatha kuŵapatsa kwaulere madzulo amodzi.

Tsono mwezi uno usanathe, aliyense wa ife adzifunse kuti m'mudzi mwake kapena mumpingo mwake ndi mwana uti amene akupita koyamba, kapena amene ali kale kumeneko koma sitinamumve mau kuyambira tsiku la nthungululu. Ngati munadutsako, pitani mukakhale pa mkeka ndi makolo ake. Ngati simunadutseko, muli ndi ufa, muli ndi foni, muli ndi khutu lomvera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene mwanayu akukweza lidzafunditsa ambiri.